Uthenga wa pa Foni ya Goodson

Benedeta anakumana ndi Goodson pa siteji ya Msundwe. Anali atagwira kapepala ka kuchipatala mozondotsa, akufunafuna munthu wa nkhope yachifundo.

"Pepani achimwene, tandiwerengereniko tsiku lobwereranso."

"Lachinayi, chemwali. Koma maso okongola chonchi sadziwa kuwerenga?"

Benedeta anagwetsa nkhope. Anakulira m'maesiteti a fodya, makolo ake akusamuka chaka ndi chaka, ndipo sukulu inamuthera mu Sitandade 1. Goodson anali kalaliki pa esiteti ina ku Namitete, mnyamata wa pakamwa pothira shuga. Miyezi itatu isanathe, malonjezo anali atadzaza dengu.

"Bene wanga, usavutike ndi zolembalemba. Maso ako ndine. Fodya akangogulitsidwa, ankhoswe anga afika kwanu."

Foni yake ankaisiya paliponse mopanda mantha. Uthenga ukalowa ankangoti, "Ndi abwana awa," Benedeta n'kuvomera.

Koma chinthu chimodzi chinkamudya Benedeta mumtima. Adzadinde chala m'buku la ukwati, ansembe ndi mpingo wonse akuona? Anayamba sukulu ya kwacha ku parishi mwakabisira, kuti tsikulo adzadabwitse wokondedwa wake.

Zilembo zinamuzunza miyezi isanu. Kenako tsiku lina la msika, zinangotseguka. Makoma amene anawadutsa zaka zonsezi anayamba kuyankhula naye. "Timasoka nsapato." "Mchere ulipo." Ngakhale thumba la feteleza linali ndi mawu ake! Anaima pakati pa msewu kukamwa kuli yasa, a kabaza akumuimbira belu. Kodi dziko linkayankhula chonchi masiku onsewa, iye yekha osamva? Analira ndi chimwemwe, osasamala za anthu.

Lamulungu masana Goodson anabwera kudzacheza. Anasiya foni pamkeka n'kupita kuseri kukasamba m'manja. Foni inalira. Benedeta anaitola, osati mokayikira munthu ayi, ankangofuna kuyesa luso lake latsopano. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira mawu.

"Bambo a Prince, mwana wayamba kuyenda lero. Bwerani mudzamuone. Ndakusowani. Mkazi wanu, Sylvia."

Anabwereza kachiwiri, akupemphera kuti mwina walakwitsa. Sanaphonye ngakhale chilembo chimodzi. Mtima unamupweteka koopsa.

Goodson anatulukira akupukuta manja pa thalauza.

"Abwana amenewo, eti? Bweretsa kuno, wapamtima, ndikuuze zimene akunena."

Benedeta sanapereke. Anaimirira n'kuwerenga uthenga wonse mokweza, mawu amodziamodzi, mpaka pa dzina la Sylvia. Goodson anauma ngati chitsa. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana kumpanda.

"Wakuwerengera ndani?"

Misozi inali ikutsika, koma Benedeta anamuyang'ana m'maso, n'kumuikira foniyo m'manja.

"Ndawerenga ndekha, bambo a Prince. Nyamukani, akukudikirani kunyumba."