Mapiritsi Ofiira a Aja

Ronita ankakhala ku Labasa, pa chilumba china chakutali, pakati pa minda ya nzimbe. Ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kumvanso ng'oma ya Aja, agogo ake aamuna.

Ng'omayo inali ya mbali ziwiri. Aja ankaiimba pa mapemphero Lachiwiri lililonse. Koma tsopano zala zawo zinkachita dzanzi. Mapazi awonso ankachita dzanzi. Aja ankangotopa.

Kuchipatala anati, "Magazi achepa. Mitsempha yafooka. Mukusowa vitamini B12." Anawapatsa mapiritsi ofiira.

Chibadwire, Aja sanadyepo nyama chifukwa cha chipembedzo chawo. Nsomba ayi. Mazira ayi.

Tsiku lina Ronita anawapeza kuseri kwa nyumba. Ankakwirira piritsi pansi pa mtengo wa mango.

"Aja, mukudzala chiyani?" anafunsa Ronita.

"Chipatala," Aja anayankha akuseka. "Chikamera, tidzakolola madokotala."

"Koma Amayi anati muzimwa!"

"Taona kufiiraku, mdzukulu wanga. Muli magazi a nyama umu. Ine toto. Usawauze amayi ako, wamva?"

Ronita anakhala chete. Mango anachita maluwa, Ronita ali chete. Mango anapsa, Ronita ali chete.

M'mawa wina tiyi wotentha anatayikira pa dzanja la Aja. Khungu linapsa. Aja sanamve kanthu.

Ronita anathamangira kukhitchini. "Amayi! Mankhwala onse ali pansi pa mango!"

Amayi anabwerera ndi Aja kuchipatala. Namwino Losalini anamva nkhani yonse. Anagwira pakamwa.

"Bambo inu! Mulibe nyama umu. Mulibe magazi. Vitamini ameneyu ndi wofiira basi, ngati duwa. Bwanji osafunsa?"

Aja anayang'ana pansi.

Anayamba kubayidwa jakisoni. Magazi anabwerera. Miyendo inalimba. Dzanja lamanja linadzuka. Koma lamanzere silinadzuke.

"Ili talichedwera," anatero namwino.

Kunyumba Ronita analira. "Ndikananena msanga, Aja."

"Anakutseka pakamwa ndani? Si ine?" anatero Aja. Anamupukuta misozi ndi dzanja lamanja.

Lachiwiri linafika. Anthu anakhala pamphasa. Aja anaika ng'oma pamiyendo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ronita, khala uku. Ndibwereke dzanja lako."

Aja anaimba mbali imodzi. Ronita anaimba inayo.

"Fulumira, iwe! Ukukwawa ngati sitima yonyamula nzimbe!" anatero Aja.

Anthu anaseka. Amayi anayambitsa nyimbo.

Ng'oma inalira. Sinalire ngati kale. Koma inalira.