Lezala pa Digiri ya Esnat

Pakhomo pa a Nathaniel Namakhwa, kufupi ndi mishoni ku Thyolo, panalibe chimene munthu akadaloza chala. Bambowo anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo anali mkulu wa mpingo wa Sabata. Akazi awo, a Marita, ankasamala nyumba moti ngakhale ntchentche inkachita manyazi kulowamo. Ana awo aakazi awiri, Tinenenji ndi mng'ono wake Esnat, anakulira m'mapemphero a m'mawa ndi madzulo, ndipo sanagonepo ndi njala.

Onse awiri anafika Fomu 4. Tinenenji sanakhoze bwino, ndipo atauzidwa kuti abwereze, anati sangakhale pa desiki limodzi ndi tiana. Anapeza ntchito pa esiteti ya tiyi ngati kalaliki wa pasikelo, woima m'munda kuyeza masamba amene amayi athyola. Esnat anapita ku koleji ku Blantyre, ndipo mu 2003 anabwerako ndi digiri ya kayendetsedwe ka anthu ogwira ntchito. Ife amene tinapondako ku sekondale timadziwa kuti pepala limeneli si masewera: mwini wake ndi amene amalemba anthu ntchito, kumva madandaulo awo, ndi kuwachotsa motsata lamulo.

Esiteti yomweyo inamulemba Esnat ntchito. Malipiro ake a mwezi umodzi, Tinenenji akadawakhetsera thukuta chaka chathunthu. Anamupatsanso nyumba ya magetsi kumtunda, nkhuni zikumubwerera pa thirakitala, pamene mkulu wake ankakhala kumalaini, mabanja asanu chimbudzi chimodzi. Galimoto ya kampani ikamadutsa m'munda, Esnat atakhala kutsogolo, amayi othyola tiyi sankamusiya Tinenenji.

"Akalaliki, si mng'ono wanu uja? Muimikeni akutengeniko, mvula ikubwerayo."

Tinenenji ankaseka nawo, koma mumtima mukuwira. Esnat sanali wodzitama, ankamupititsira shuga ndi zitenje, koma mphatso iliyonse inkamupweteka ngati mbama. Choipitsitsa, a Nathaniel anaika digiriyo mu felemu pabalaza, ndipo mlendo aliyense ankaiona asanapatsidwe mpando. Tinenenji ankang'ung'udza kuti iyeyo ndi amene amawadziwa antchito, amene amanyowetsa masamba kuti alemere ndi amene amanamizira kudwala, pamene Esnat amangowadziwira m'mabuku.

A Marita anamukhazika pansi tsiku lina.

"Mwanangawe, nsanje imayamba yadya mwini wake. Ngati ukufuna pepala, Esnat wanena kale kuti akulipirira sukulu."

"Andilipirire mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ine? Bola ndifere pasikelo, amayi."

Amene anamumvetsa anali Bizwick, kalaliki wakale amene anachotsedwa ntchito n'kukatsegula kashopu ka fotokope ku Luchenza. Anamvetsera madandaulo onse akugwedeza mutu ngati m'busa.

"Achemwali, digiri ndi pepala ndi inki basi. Zaka zinayi n'zachiyani pamene makina angawa amamaliza madzi asanawire? Dzina la bambo ndi lomwelo. Tingochotsa Esnat, tiike Tinenenji."

Tinenenji anauza amayi ake kuti akukasinthitsa galasi la felemu, ndipo madzulo digiriyo inabwerera pakhoma, iye ali ndi fotokope ya dzina lake m'chikwama. Anaitumiza, pamodzi ndi kalata yofunsira ntchito ngati ya Esnat, ku esiteti ina yaing'ono yakutali, kumalire a boma, kumene ankaganiza kuti palibe angamudziwe. Manijala wakumeneko, a Peterson, anali pa changu chifukwa mvula inali pafupi, ndipo anamulemba osafunsa zambiri.

Kwawo Tinenenji anangonena kuti wapeza ntchito ya muofesi. A Nathaniel anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi.

"Ndi ntchito yanji yopatsa munthu wa Fomu 4 nyumba ya magetsi? Tinenenji, chimene wachilowera pawindo udzachitulukiranso pawindo."

"Ababa, Mulungu sadalitsa Esnat yekha."

Miyezi iwiri anadyerera. Anagula sofa yaikulu kuposa ya Esnat, ataiyeza kale ndi maso, ndi nsapato za gogoda zimene zinkamira m'matope a pa esiteti. Kutchalitchi anasiya, poopa mafunso.

Koma anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa ku Thyolo amachidziwa: othyola tiyi alibe esiteti yawoyawo. Mvula ikagwa, amapita kulikonse kumene akumva kuti kukulembedwa anthu. Mu Disembala, m'mawa wolemba ntchito, Tinenenji anatuluka pakhonde la ofesi ndi kaundula m'manja, ndipo pamzere panali amayi oposa makumi awiri a ku esiteti yake yakale. Kutsogolo kwawo kunali a Teleza, mayi wa pakamwa posatseka amene ankathyola kuposa amuna.

"Si akalaliki athu a pasikelo awa? Mwakwera liti, mayi? Sikelo mwasiyira ndani?"

Tinenenji anayankha m'Chingerezi kuti sakuwadziwa. Kenako anaitanira kapitawo pambali n'kumulamula kuti aliyense amene anagwirapo ku esiteti ija abwezedwe. Kapitawo anayesa kumuuza kuti amenewo ndiwo akatswiri, koma iye anamukumbutsa kuti mwini ofesi ndi ndani. M'malo mwawo analemba anthu amene anali asanaberekepo dengu.

Tiyi sadikira munthu. Amafuna masamba awiri ndi kansonga, pa tsiku lake, ndipo ukachedwa amakhwima. Atsopano aja ankangozula chilichonse, mitengo ndi masamba okalamba, ndipo fakitale inayamba kubweza katundu. Minda ina inapitirira osathyoledwa. A Peterson akufunafuna chimene chalakwika, anapeza a Teleza ndi anzawo atakhala pageti, ndipo amayiwo anawafotokozera zonse, kuyambira tsiku limene Tinenenji anagwira sikelo koyamba mpaka mwezi umene anaisiya. Zaka za ku koleji panalibe pozilowetsa.

A Peterson sanakalipe. Anangomuuza kuti Lolemba abweretse digiri yeniyeni, osati fotokope.

Tinenenji anathamangira ku Luchenza, koma Bizwick anakana ngakhale kumupatsa mpando. Anati iye amangojambula mapepala amene makasitomala abweretsa, ndipo zokhudza pepala lenileni ndi nkhani ya kundende.

Apa mpamene akadagwada kwa makolo ake, koma anaganiza za sofa ija ikukwezedwa pa thirakitala anthu akuonerera. Sabata m'mawa, akudziwa kuti banja lonse lili kutchalitchi mpaka masana, analowa m'nyumba ya bambo ake n'kutsitsa felemu. Nyimbo zikumveka kuchokera ku mishoni, iye anakhala pa tebulo ndi lezala n'kuyamba kupala dzina la mng'ono wake. Chilembo choyamba chinachoka bwino. Pa chachitatu pepala linabooka. Anamata kumbuyo ndi kapepala kena, n'kukalembapo dzina lake pa taipi ya kuofesi.

Lolemba a Peterson anangolinyamula n'kuliloza kuwindo. Chigamba chija chinaonekera, ndipo anaimbira apolisi.

Esnat anaitanidwa kupolisi kuti akazindikire pepalalo. Mlungu womwewo anali ataitanidwa ku likulu la kampani ku Blantyre kukayesedwa pa udindo woyang'anira maesiteti atatu, ndipo anauzidwa kuti apite ndi digiri yake yeniyeni. Analigwira pepala lobookalo ndi manja awiri, n'kuyang'ana mkulu wake amene anakhala pansi, nsapato atavulidwa.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

A Nathaniel, amene anaima pakhomo chipewa chili m'manja, anatembenuka n'kutuluka.

Khoti linapatsa Tinenenji chaka ndi theka kundende. Digiri inakhala kupolisi ngati umboni, ndipo pamene koleji inkatumiza kalata yotsimikizira maphunziro a Esnat, udindo uja unali utapita kwa wina. Komabe Esnat anapitiriza ntchito yake, chifukwa zimene anaphunzira zinali m'mutu, kumene lezala safika. Tinenenji atatuluka anayenda esiteti ndi esiteti, koma olemba ntchito onse amadziwana, ndipo ngakhale dengu lothyolera sanamupatse. Anabwerera kwa makolo ake opanda kanthu, ali ndi zaka makumi atatu, kukadya ufa wogula mng'ono wake yemweyo.

Atsikana ndi anyamata, digiri ili ndi ndalama, zimenezo musakane, koma ndalamazo zimatsata amene anaikhalira pansi zaka zinayi. Mukaona mnzanu akukolola, funsani mmene analimira, ndipo mukagwire khasu lanu. Musasirire cha m'bale wanu, pakuti nsanje sidzakupatsani chimene iye ali nacho. Idzangomuwonongera chake, n'kukulandani ndi chochepa chimene munali nacho.