Mbalame Zinafa, Chifuwa Chinatsala

Noemí anabwera kuchokera kusikelo n'kupeza chitseko cha nyumba yawo chili pululu. Nyumbayo inali galaja yakale kuseri kwa nyumba ya apongozi ake ku Pacoima, ndipo kiyi wina ankasunga mayi Herminia, amayi a mwamuna wake. Atalowa anapeza apongozi ake aamuna, bambo Crescencio, ataima pakati pa chipinda, khola lawaya litaphwanyika pansi. Tizinkhwe take tiwiri tinali titagona pakapeti makosi atapotoka. Kachitatu kanali m'dzanja mwawo, kakuphiriphitha.

"Bambo, chonde, ndikakapereka kwa anzanga lero lomwe," anatero Noemí.

Bambo Crescencio anangomuyang'ana, n'kukapotola khosi, n'kukaponya pamapazi ake. Anati izi ndi zimene zikupha mwana wawo, dokotala wanena yekha. Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa kukhoma. Maite, mwana wa Noemí wa miyezi isanu ndi iwiri, analira mpaka kubanika, ndipo Noemí anatola mbalamezo ndi dzanja limodzi, misozi ikugwera pa nthenga.

Koma dokotala sananene choncho. Noemí analipo. Mwamuna wake Efraín anali atatsokomola miyezi isanu, ataonda mpaka kuboola mabowo awiri atsopano pa lamba. Dokotala wa ku kiliniki anafunsa zambiri: ngati amasuta, ngati m'nyumba muli chuku, ngati muli mbalame, ndiponso ntchito imene amagwira. Mayi Herminia, amene anadzikakamiza kulowa nawo, anayankha za ntchito mwachidule kuti ndi bizinesi ya banja, amakonza makhitchini. Koma za mbalame anafotokoza mpaka mtundu wa nthenga. Dokotala anati pali zinthu zingapo zimene zimasiya zipsera m'mapapo, ndipo sanganene chilichonse asanaone sikani, chithunzi cha m'kati mwa chifuwa. Kunyumba kunafika mawu amodzi okha, mbalame.

Noemí ankadziwa zina zimene sankazinena. Ku shopu ya bambo Crescencio ankadula miyala ya kufakitale yoika pamwamba pa makabati, ndipo ankadula pouma. Paipi ya madzi inalipo pa makina, koma mkuluyo anaimanga ndi waya kuti madzi asatuluke. Ankati madzi amafufuta mzere wa pensulo, amadzaza matope m'ngalande, ndipo ndi a anthu opanda diso. Efraín anayamba kudula ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsopano anali ndi makumi atatu. Ankabwera atayera ngati wagwera mu ufa, fumbi m'makutu, m'zikope, ngakhale m'mchombo. Noemí ankamuvulira zovala panja asananyamule mwana. Akagona masana, iye ankakhala pambali n'kumawerenga mpweya wake ndi wotchi ya pafoni. Mwezi wapitawo unali makumi awiri ndi kanayi pa mphindi. Tsopano unkafika makumi atatu.

Madzulo a tsiku la mbalamelo, bambo Crescencio anaima pakhomo la galaja n'kuuza Efraín kuti matenda awachotsa, Lolemba abwerere ku ntchito imene anali ataimika chifukwa cha chifuwa. Panali makhitchini makumi anayi a nyumba zosanja ku Sylmar, ndipo panalibe wina wodula m'mphepete mosalala ngati iye. Efraín anati wamva.

Mkuluyo atachoka, Noemí anagwada patsogolo pa mwamuna wake n'kumupempha kuti adikire sikani. Efraín anamusisita tsitsi, n'kunena kuti bambo ndi bambo, ndipo galajayi ndi yawo, galimoto anagula ndi iwo, ngakhale bedi la mwana. Anafuna kunena zina koma chifuwa chinamugwira, ndipo anatsokomola atagwira khoma.

Sikani inachitika Lachinayi. Noemí sanauze mayi Herminia nthawi yake. Achipatala anamugoneka Efraín chagada, kenako chafufumimba, akumuuza kuti akoke mpweya n'kuugwira, kenako autulutse wonse n'kugwiranso. Anatuluka thukuta lili kamukamu ngati wanyamula mwala yekha.

Lachisanu Dokotala Avakian, mayi wa tsitsi la imvi, anatembenuzira kompyuta kwa iwo. Anafotokoza kuti matenda a mbalame nthawi zambiri amaoneka ngati chifunga chofalikira, ndipo munthu akatulutsa mpweya pamatsala zigamba zakuda pomwe mpweya wakanirira. M'mapapo mwa Efraín munalibe zimenezo. Anawaonetsa timadontho tolimba ngati mapira, tothithikana kumtunda kwa mapapo onse awiri, tina titagwirana kukhala zibuluma. Pakati pa chifuwa panali tinthu totupa tokhala ndi mkombero woyera ngati chikamba cha dzira. Chifuwa chachikulu anali atayeza kale, panalibe.

"Bambo Zamudio, mumadula mwala wanji, ndipo mumathira madzi?" dokotala anamufunsa Efraín.

Efraín anayang'ana pansi. Anayankha ndi Noemí.

Dokotala anati zipserazo sizidzachoka, ntchito yawo tsopano ndi kuteteza mapapo otsala. Asalowenso m'fumbi lija, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale atavala chophimba kumphuno cha pepala. Noemí anapempha kuti amulembere zimenezo papepala m'Chisipanishi, ndipo anajambula kompyutayo pafoni, kawiri, poopa kuti chithunzi choyamba sichinaoneke bwino.

Ali m'galimoto Efraín anamupempha kuti asawauze bambo. Anati angomaliza makhitchini a ku Sylmar, milungu itatu basi, kenako apeza ponamizira. Noemí anangoliza galimoto.

Lamlungu atabwera ku Misa, anadyera pakhonde monga mwa masiku onse. Mayi Herminia anali ataphika pozole, msuzi wa chimanga ndi nyama, wodzaza mphika waukulu, ndipo anamuikira Efraín nyama yambiri akunena kuti nkhope yayamba kale kubwerera chichokereni zinyalala za mbalame zija m'nyumba. Bambo Crescencio anaseka, nati vani yoyera ya ku shopu inyamuka mawa sikisi koloko, aliyense wochedwa akwere basi. Noemí anakhazika Maite m'kampando kake, n'kukakankhira kutali ndi tebulo. Anayang'ana pomwe panali mipeni. Kenako anatulutsa pepala lija m'chikwama n'kuliika pambali pa mbale ya apongozi ake.

"Bambo, Efraín sabwera mawa. Sabweranso."

Efraín anamugwira mkono pansi pa tebulo koma iye anauchotsa. Bambo Crescencio anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Noemí anawaonetsa foni, akuloza timadontho tija ndi chala, n'kubwereza mawu a dokotala monga anawaloweza. Mkuluyo anakwinya pepalalo n'kuliponya m'chidebe cha zinyalala. Anati iwo adula miyala zaka makumi atatu ndipo ali bwinobwino, madokotala a kuno amalipidwa kuti atseke mashopu a anthu osauka.

"Iwe mtsikana, unabwera pano ndi chikwama chimodzi ndi khola la mbalame. Lero ukundiwerengera kalata pa tebulo langa?"

"Munamanga paipi ndi waya, bambo. Ndinaiona ndi maso angawa."

Khofi linamupeza asanatseke pakamwa. Anagwera pampando, mpando n'kugwa naye, mlomo n'kung'ambika pa dzino. Foni inauluka n'kusweka pasimenti. Mayi Herminia anagwira kumutu n'kuyamba kutchula mayina a oyera mtima.

Efraín anaimirira. Chibadwire anali asanakwezepo dzanja kwa bambo ake, koma anawagwira pakolala n'kuwakankhira kukhoma mpaka mabotolo a pashelefu anagwa n'kusweka.

"Mkazi wanga ayi, bambo. Ine mwandimaliza kale, koma uyu ayi."

Bambo Crescencio anali ndi thupi. Anamumenya chibakera pachifuwa penipeni, kenako china m'nthiti. Efraín anagwada, n'kugwa cham'mbali. Anatsegula pakamwa koma mpweya sunkalowa, milomo inayamba kuda, zala zikukanda simenti. Mkuluyo anasolola lamba m'chiuno, akunena kuti mwana womenya bambo ake amuphunzitsa ngakhale ali ndi ndevu.

Noemí ananyamula mphika wa pozole ndi manja opanda nsalu. Zigwiriro zinamuotcha koma sanautule. Anaima pakati pa lamba ndi mwamuna wake, magazi akutsikira pachibwano.

"Mukhudzeninso, bambo. Ndikuthirani wonsewu kumaso, ndipo apolisi ndiwaitana ndekha."

Maite ankalira, m'chifuwa mwa Efraín mukumveka kaphokoso. Lamba anatsika pang'onopang'ono. Mayi Herminia anakwawa n'kukweza mutu wa mwana wawo pamiyendo, akumupemerera ndi mbale yapulasitiki, ndipo anamuyang'ana nkhope nthawi yaitali ngati akumuona koyamba chaka chino.

Mpweya utabwerera, Efraín anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi a shopu. Anawaika pansi, pafupi ndi nsapato za bambo ake. Noemí sanalowe n'komwe m'galaja kukatenga zovala. Anamangirira mwana kumpando wakumbuyo, n'kumuthandiza mwamuna wake kukwera.

Galimoto itayamba kubwerera m'mbuyo, bambo Crescencio anaithamangira, akukuwa kuti ndi yawo, aisiye pomwepo. Anamenya galasi lakumbuyo ndi chitsulo cha lamba mpaka linachita ming'alu. Anathamanga mpaka pageti, mtunda wosakwana mapazi makumi atatu, ndipo pamenepo anaima. Anagwira geti ndi manja onse, n'kuwerama, n'kugwada. Noemí anawaona pagalasi, mapewa akukwera ndi kutsika, pakamwa pali yasa. Efraín nayenso anacheuka.

"Akupuma ngati ine," anatero motsitsa.

Noemí sanaime. Anayendetsa mpaka kuchipatala, komwe anamuika Efraín pa mpweya maola atatu n'kumusoka Noemí mlomo, kenako anapita ku Palmdale kwa achemwali ake, omwe anawayalira matiresi pabalaza osafunsa zambiri.

Lolemba sikisi koloko Noemí anali maso, zikhato zili m'mabandeji, akuyang'ana pawindo galimoto iliyonse yoyera yodutsa mumsewu. Efraín anali m'tulo, Maite atatsamira pamkono pake. Foni ya Efraín inalira. Linali dzina la mayi Herminia. Noemí anailekerera kulira kanayi, kenako anayankha ali chiimire, wokonzeka kutukwanidwa.

Mawu a mayiwo anali otsika, ngati akulankhulira kubafa. Anafunsa ngati Efraín wagona bwino. Kenako anati vani sinatuluke. Bambo alephera kumanga zingwe za nsapato, akawerama akubanika, ndipo izi zinayamba chaka chatha koma anawaletsa kuuza munthu.

"Mwana wanga," anatero mayi Herminia akulira, mawu amene anali asanamuitanepo nawo, "dokotala uja dzina lake ndani? Unene pang'onopang'ono, ndikulemba."

Noemí anakhala pansi, n'kuyamba kutchula chilembo chimodzichimodzi.