Kahamusita ka Kalabu ya Sayansi

Sumayya anapeza kanyamako katadzipinda pakona ya bokosi, mwendo wakumbuyo utatupa ngati nyemba yoviikidwa. Kanali kahamusita, kanyama konga mbewa koma kakafupi mchira, ka kalabu ya sayansi ya kusukulu kwawo. Madamu Winifred, aphunzitsi a bayoloje, anasankha iyeyo pakati pa ana onse kuti akakasunge kwawo ku Geisha pa tchuthi.

Msomali wotuluka m'bokosimo ndi umene unakabaya. Sumayya anali atauona kale msomaliwo, koma ankangoti aukhoma mawa.

Mnzake Vitumbiko atabwera kudzacheza anati, "Imbira Madamu. Kakudwala chomene aka."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ndalephera?"

M'malo mwake anatenga piritsi limene bambo ake amamwa msana ukawavuta kusitolo, n'kubenthula kachidutswa, n'kusungunula m'madzi, n'kukamwetsa kanyamako. Kutupa kunaphweradi. Sumayya anasangalala ndipo anapitiriza kukamwetsa. Koma kanyamako kanasiya kudya. Ubweya unayamba kunyankhalala, maso kulowa. M'mawa wina wa chifunga anakapeza katauma.

Anakakulunga m'kansalu n'kupita nako kunyumba kwa Madamu ku Kaning'ina. Iwo anauyang'ana mwendowo nthawi yaitali, kenako anafunsa chimene anakapatsa. Sumayya ananena zonse.

"Kutupa kuja sikunali mdani," anatero Madamu motsitsa mawu. "Tizilombo tikalowa pabala, maselo oyera a m'magazi amatulutsa timafuta tina toitana anzawo kuti abwere adzathandize nkhondo. N'chifukwa chake pamatupa, pamatentha, pamapweteka. Piritsi lija linaletsa timafutato, koma tizilombo silinatikhudze. Komanso m'mimba ndi impso za kanyama kochepa chonchi sizingapirire mankhwala a munthu wamkulu."

"Ndikanakuimbirani, kakanachira?"

Madamu sanafune kumunamiza. "Mwina. Dokotala wa ziweto sali patali, mwana wanga."

Sumayya anabwerera wapansi mpaka ku Geisha, misozi ili chuchuchu, osamva n'komwe a njinga zamoto amene ankamuitana.

Sukulu itatsegulidwa, ana a Fomu 1 anathamangira ku labu kukaona kanyama kawo. Patebulo panalibe kanthu. Kamtsikana kena kanafunsa Sumayya kuti akabweretsa liti. Vitumbiko anafuna kumuyankhira, koma Sumayya anamugwira mkono.

"Sikabweranso," anatero. "Khalani pansi ndikuuzeni mmene kanafera."