Ndodo ya Mutu wa Mkazi

Habibu ananyamuka pa boma la Nkhotakota nyali za paresitihausi zitazima kale, mtima uli juu ndi ukali. M'khwapa anapanira ndodo ya malemu agogo ake, yakuda bii, yosemedwa mutu wa mkazi pogwirira.

Masana ake, tcheyamani wa chipani anabwera kwawo ndi mzungu wotolera zinthu zakale, n'kuichotsa pakhoma. Ati ikakhale m'galasi ku Ulaya. "Mlendo wa boma sakanizidwa," anatero tcheyamaniyo, ayufi, anyamata a chipani aja, atatchinga pakhomo. Zamkutu! Chinthu cha makolo ako akachione anthu achilendo, iwe mwini wake utsale ukuyang'ana msomali? Habibu anadikira mlonda wa paresitihausi pomwe mzunguyo anagona aodzere, n'kukanganula bokosi lomwe anasungamo ndodoyo. Ankadziwa kuti akamugwira akaona zakuda kundende, koma bola ndende kusiyana ndi chipongwe chimenecho.

Anayenda akutukwana yekha mpaka pa manda akale a m'mitengo ya mango. Pamenepo achule a m'madimba ampunga anangoti zii.

Kutsogolo kunali munthu. Nkhalamba, yotsimphina, nsalu imodzi m'chiuno.

"Salamu aleikumu," anatero Habibu.

Inangotambasula dzanja.

"Bweretsa ndodo yanga, mwana wa Sufiyani. Kwathu n'kutali."

Magazi anamukwera Habibu. "Nanunso mwayamba? Masana mzungu, usiku inu! Iyi ndi ya agogo anga, madala. Patukani!"

"Agogo ako anaisema ndi dzanja liti?"

Nkhalambayo inasendera. Fungo la dothi lonyowa... Mwezi unawala pakhosi pake. Chipsera! Chozungulira khosi lonse, ngati cha ng'ombe ya pagoli.

Ndodo inayamba kulemera. Inayamba kukoka. Yokha!

Anaigwira ndi manja awiri. "Siipita! Ndi yathu!"

Zala zozizira zinamukhudza pamkono... Manja anangomasuka.

Mayo! Liwiro la mtondo wadooka. Kumbuyo kwake ankangomva go... go... go... ndodo ikugunda pansi, kulowera kumadzulo, kumapiri.

Anafika kwawo n'kugwera pachitseko. Mayi ake, a Kulusumu, anatuluka ndi koloboyi.

"Amayi, andilanda! Ndinaichotsa kwa mzungu, koma chinkhalamba china chandilanda pamanda! Mbava yachabechabe, yotsimphina, chipsera pakhosi!"

A Kulusumu anaika koloboyi pambali. Anakhala pansi pakhonde.

"Tseka pakamwa pako, usatukwanenso. Amenewo ndi a Yakubu. Agogo ako anawagwira ali kamnyamata, kutali uko kumadzulo, atatentha mudzi wawo. Anabwera nawo kuno goli lili m'khosi. Ndodoyo inali ya bambo awo, anaisema okha. Ngakhale dzina la Yakubu anawapatsa ndi agogo ako, lenilenilo palibe analifunsa."

"Nanga bwanji sanabwere kudzaipempha masana ngati munthu?"

"Anabwera, iwe uli ku Joni. Chaka ndi chaka ankagwada apa, ati akufuna akafere kwawo ali nayo m'manja. Tsiku lomaliza bambo ako anatopa nawo, n'kuwamenya ndi ndodo yomweyo, pomwe waimapo. Sanadzukenso. Tinawaika kumapeto kwa manda aja, opanda ndi mwala womwe, chaka cha ufulu chisanafike."