Njerwa Ziwiri, Chikombole Chimodzi

Lamlungu madzulo banja la mayi Hortênsia linali pakhonde likupukusa chimanga. Nyumba yawo inali imodzi mwa zochepa zotsala kuseri kwa Chipanga, kumene mgodi wa malasha unali usanafike, ngakhale fumbi lake linkafika tsiku ndi tsiku n'kudetsa zovala pachingwe. Silvino, mwana wamkulu, ankapukusa akuimba mluzu. Mlongo wake Arlete yekha ndiye sanagwire chitsononkho ngakhale chimodzi. Anali pakampando, kompyuta ili pamiyendo, nkhope ili ndwii.

Arlete anaphunzira za makompyuta ku Tete. Tsopano ankagwira ntchito pakakampani kena kamene kanapatsidwa ntchito yosamutsa manda akale a m'deralo, mgodi usanawameze. Alembi a kampaniyo anali atayenda m'manda monse, mtumbira uliwonse n'kuulembera khadi lake. Makhadi anakwana 212. Arlete ndiye analemba programa yosunga mainawo ndi kutulutsa lista. Wopezeka pa lista akanafukulidwa mwaulemu n'kukaikidwa kumanda atsopano, mbali ya ku Mualadze. Wosapezeka akanatsalira makina a mgodi.

M'kati mwa programayo munali chimene aphunzitsi ake ankachitcha classe. Iye, pokhala mwana wa malemu woumba njerwa, ankangoti chikombole. Chinali ndi malo a dzina, mudzi ndi chaka cha imfa, ndipo khadi lililonse likalowa, chikombolecho chinkaumba munthu mmodzi m'kompyutamo. Makhadi onse analowa. Koma pansi pa lista pankalembedwa 211.

Masiku atatu anali akulimbana nazo. Akatenga khadi n'kufunsa dzina, programa inkalipeza. Akatenga lina, inkalipezanso. Palibe dzina limene linasowa, komabe munthu mmodzi panalibe.

“Yakugonjetsa?” anafunsa Silvino. “Zaka zitatu ku Tete, kuwerenga kufika 212 kukukanika. Ine mbuzi ndimawerenga ndi maso.”

“Mano Silvino, pukusani chimanga. Ndicho mumatha.”

“Tawerenga mainawo ndimve, mwanawe,” anatero amayi awo mofatsa. “Anthuwo ambiri ndinkawadziwa.”

“Amayi, izi si za pamtondo ayi. Mundisiye.”

Mayi Hortênsia anangotola chitsononkho china.

Pomwepo foni inalira. Anali a Laurindo, abwana ake.

“Menina, lista ija ikhale patebulo langa mawa seveni koloko. Anyamata okhoma zikhomo pamitumbira akuyamba naini.”

“Chefe, ikusowa munthu mmodzi.”

“Ndiye kuti alembi anawerenga molakwa. Ngati makina akuti 211, ndi 211. Akufa sabwera kuofesi kudzadandaula.” Anadula.

Arlete anatsala akuyang'ana foniyo. Makhadiwo anawawerenga yekha katatu. Ndipo mawu akuti menina, kamtsikana, ankamuwawa ngati tsabola m'maso, chifukwa ankanenedwa ndi munthu wosadziwa n'komwe poyatsira kompyuta.

Anapitiriza kufufuza mpaka chimanga chinatha, nkhuku zinalowa, anthu anadya, iye osakhudza mbale. Kenako batire linatha, kompyuta n'kuthima phethe. Kwa amayi ake kunalibe magetsi. Iye ankakhala kudera la 25 de Setembro, kumene ankachita lendi kachipinda ka magetsi, ndipo chapa, minibasi yopita kumeneko, yomaliza inali itapita kalekale.

“Gona konkuno, upite m'mawa,” anatero amayi.

“Ndigone, munthu atsale m'dothi?”

“Ndikuperekeze basi,” anatero Silvino, nthabwala zitamuthera.

“Kaperekezeni mbuzi zanu.”

Anaponya kompyuta ndi makhadi m'chikwama, n'kutuluka osatsanzika.

Njira yachidule inkadutsa pakati pa mabwinja, kenako pa mauvuni akale a njerwa, kenako m'mbali mwa manda omwewo. Masana anali ataidutsa kosawerengeka. Usiku anali asanayesepo, koma mkwiyo ndi nyali yabodza, umakuonetsa njira osakuonetsa chimene chili m'njiramo. Ankayenda akudziyankhulira. Anatukwana a Laurindo. Anatukwana alembi. Anatukwana amene anapanga kompyuta, ndi amene anayamba kuona kuti pansi pa minda ya anthu pali malasha. Kutali, magetsi a mgodi ankayeretsa thambo, ndipo magalimoto akuluakulu ankangolira chapansipansi ngati ng'ombe zodwala.

Atafika pa mauvuni, phokoso lija linaleka.

Zii.

Anaima. Ngakhale nkhululu sizinkalira. Unali mwezi wa Okutobala, nthaka itang'ambika ndi dzuwa, koma mphuno zake zinamva fungo la dothi lonyowa, longopondedwa kumene.

Kwe... kwe... kwe...

Pambali pa uvuni wogumuka panakhala bambo wachikulire. Pamiyendo pake panali chikombole cha matabwa, ndipo ankachipala ndi kamtengo. Dzanja lake lamanzere linalibe zala ziwiri zakumapeto.

Arlete anadzidzimuka, kenako mkwiyo unabwerera pamalo pake. Kuumba njerwa kunatha zaka zapitazo kuno. Uyu ndi woledzera basi.

“Ndinu amene mukulemba anthu?” anafunsa mkuluyo osadzutsa mutu.

“Kuofesi mawa, madala. Za nyumba ndi minda si ine. Ine ndimalemba manda.”

“Eya.”

Arlete anapitirira. Anawonjeza liwiro. Atacheuka, mkulu uja anali pambali pake, chikombole chili m'khwapa. Sanamumve akudzuka. Nsapato zake za iye zinkalira m'fumbi, pfu, pfu, pfu. Za mkuluyo ayi.

“Ine mwandilemba, ndathokoza,” anatero. “Koma sindinyamuka ndekha.”

“Ndati mawa.”

“Ndinamupatsa dzina langa ku Zóbuè, tsiku limene anatuluka m'chikuta. Ndinathawa naye kupita ku Malawi. Ndinabwera naye. Dzinalo ndinamupatsa kuti asasowe.” Mawu ake anayamba kukhuthala, ngati akuchokera pansi pa chitsime. “Lero dzina lomwelo lamuphimba. Ndani wachita zimenezi?”

Anali afika pamanda. Mitengo inali bii. Arlete anafuna kuthamanga.

Mkuluyo anaima kutsogolo kwake n'kutukula chikombole.

“Mwana wa woumba iwe. Njerwa ziwiri zikatuluka m'chikombole chimodzi, umati ndi njerwa imodzi? Kamange nayo nyumba tione.”

Anadziwa bwanji za bambo ake? 

“Ndinu... ndinu ndani?”

“Unalemba kale. Aniceto Firmino.” Anamuyang'ana koyamba, ndipo m'maso mwake munali ukali wozizira. “Kamodzi.”

Nthawi yomweyo galimoto ya mgodi inakhota paphiri la miyala, kuwala kwake n'kusesa manda onse. Mitumbira inaoneka mbee. Chithunzithunzi cha Arlete chinagwa pansi, chachitali, chopyapyala.

Chimodzi chokha!

Mdima unabwerera. Panjira panalibe munthu. Fungo la dothi lonyowa lokha.

Mmene anafikira ku 25 de Setembro sakumbuka. Anangozindikira ali m'chipinda chake, chitseko chokhoma, bondo likutuluka magazi. Anamwa madzi makapu awiri. Pang'onopang'ono nzeru za kusukulu zinayamba kumutonthoza. Ndi wachibale wa malemu ameneyo, anadziuza. Wamva za kusamutsa manda, wachokera ku Zóbuè, nayenso dzina lake ndi lomwelo. Kwathu kuno maina amayenda m'banja ngati khasu. Za chithunzithunzi, mantha amanamiza maso.

Maina amayenda m'banja...

Anakhuthulira makhadi onse pabedi n'kuyamba kuwayala motsata maina. Sipanatenge nthawi. Aniceto Firmino, wa ku Zóbuè, 1996. Ndipo pansi pa mulu wina, lolembedwa ndi dzanja la mlembi wina: Aniceto Firmino, wa ku Zóbuè, 1996. Pakona ya khadi loyamba panali nambala ya mtumbira, 88. Pa lachiwiri, 89. Iye anafufuza theka la makhadi Lachisanu, theka lina Loweruka, ndipo masiku onse awiri programa inamuonetsa munthu yemweyo.

Analumikiza kompyuta kumagetsi n'kutsegula chikombole chake chija. Mizere yake inali pomwepo, yolembedwa ndi zala zake zomwe. Mwezi wathawo a Laurindo anakalipa kuti alembi akulowetsa makhadi ena kawiri, ndipo safuna kuona dzina lobwereza pa lista. Ndiye Arlete anaphunzitsa programa lamulo: awiri akafanana dzina, mudzi ndi chaka, ndi munthu mmodzi, wachiwiriyo umutaye. Ndipo inkamutaya mwakachetechete, osanena kanthu. Nambala ya mtumbira sanaiike n'komwe m'chikombole, poti abwana anati maina akukwanira.

Apa mkwiyo unasowa kolowera. Unazungulira chipinda chonse n'kubwerera kwa mwini wake. Iye, Arlete, amene dzina lake lomwe ndi la azakhali ake! Lamulo limenelo likanagwira kwa anthu ena, osati kwa anthu amene amatcha mwana dzina la agogo ake agogowo ali moyo, n'kumadyera mbale imodzi.

Anafufuta mizereyo mwaukali mpaka batani lina linatsala pang'ono kuzuka. Anawonjeza malo a nambala ya mtumbira m'chikombole. Analemba lamulo latsopano: awiri ndi mmodzi pokhapokha nambala ikafanana. Anawonjezanso kawindo kofunsa, kuti maina akafanana programa iziima n'kufunsa munthu, isamameze yokha. Kenako anayamba kulowetsa manambala, khadi ndi khadi, maso akuwawa. Pomaliza anatenga khadi la 89. Kawindo kanatuluka: dzina ili lilipo kale, kodi ndi munthu wina? Anadina kuti inde.

212.

Seveni koloko lista inali patebulo. A Laurindo anayang'ana nambala yapansi n'kukweza mapewa.

“Ndiye usiku wonse chifukwa cha dzina limodzi, menina?”

“Chifukwa cha munthu mmodzi, chefe. Ndipo dzina langa ndi Arlete. Likabwerezedwa silitha.”

Abwanawo anatenga cholembera n'kusaina.

Pofika naini anthu anali atasonkhana kumanda kudzaona zikhomo zikukhomedwa. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Mayi Hortênsia analipo, ataima pamthunzi ndi amayi anzawo. Arlete anapita kukaima pafupi nawo, manyazi a dzulo akumulemera. Anyamata a kampani ankayenda ndi lista, akukhoma chikhomo chofiira pamtumbira uliwonse wotchulidwa. Anafika pa mitumbira iwiri yogundizana, yophwatalala, yopanda mtanda. M'mbali mwa yonse iwiri munali mzere wa njerwa zootcha. Anakhoma 88. Anakhoma 89.

“Amayi,” anatero Arlete motsitsa mawu, “achibale a anthu awa abwera? Dzulo ndinakumana ndi mmodzi panjira. Wachikulire, wa ku Zóbuè. Ndimafuna ndimuuze kuti zakonzeka.”

“Achibale ati? Banja limenelo linatha, mwanawe. Otsala anabwerera ku Zóbuè kalekale, ndipo sitinamvenso za iwo.”

“Analipo. Ananyamula chikombole. Dzanja lamanzere lopanda zala ziwiri.”

Mayi Hortênsia anatembenuka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka pabondo lomangidwa nsalu.

“Zalazo zinatsala kunkhondo,” anatero. “Amenewo ndi a Aniceto aakulu. Ndi amene anaphunzitsa bambo ako kuumba titangobwera kuchokera ku Malawi. Mdzukulu wawo, Aniceto wamng'ono, anali mnyamata wokwatira kale. Chaka cha kolera chinatenga mdzukuluyo Lachiwiri. Agogo ake anaumba okha njerwa zozungulira pamtumbirapo, n'kunena kuti akafa tidzawagoneke pambali pake. Sanathe mwezi.” Analoza ndi mlomo, poti manda salozedwa ndi chala. “Ndi apo, pa 88. Tinawaika iwe usanayambe sukulu.”

Arlete anayang'ana njerwa za pa 88. Dzuwa lonse lija, msana wake unazizira. Nyundo inkapitiriza kulira kutsogolo, go, go, go, ndipo wowerenga lista ankatchula maina ena.

Masana anaperekeza amayi ake kunyumba. Silvino anali pakhonde akuthira chimanga m'matumba, ndipo ataona nkhope ya mlongo wake anameza nthabwala imene anakonza. Arlete anakokera kampando pafupi ndi mphasa ya amayi, natulutsa lista m'chikwama.

“Amayi, paja munati ndikuwerengereni.”

“Yamba,” anatero mayi Hortênsia, akukoka lichero. “Koma pang'onopang'ono. A Rebeca Anselmo aliponso awiri, tione ngati onse alembedwa.”