Mitengo Itatu Yotuwa

Belu la nkhomaliro litalira, Ximena Barragán sanatuluke m'chipinda cha makompyuta. Pofika 3 koloko chithunzi chake chinayenera kukhala chitasindikizidwa kuti chikapachikidwe pa chionetsero cha sukulu.

Loweruka lapitalo, dzuwa lili paliwombo, anakwera mozemba kaphiri ka kuseri kwa munda wa maapozi wa banja la a Lindqvist. Ananyamula kamera ya sukulu ya infuraredi, imene imaona kuwala komwe maso a munthu saona. Ndi mnzake Delphine yekha amene ankadziwa chimene anasankhira munda umenewo: Tobin Lindqvist, mnyamata wofatsa wa m'kalasi mwawo, yemwe Ximena ankamukonda chamumtima kuyambira chaka chatha.

Chithunzicho chinatuluka m'kamera chili chofiirira ngati njerwa. Ximena anasinthanitsa mtundu wofiira ndi wabuluu pakompyuta, ndipo nthawi yomweyo thambo linasanduka labuluu, masamba onse n'kuyera mbee ngati thonje. Chigwa cha Yakima chinaoneka ngati dziko la kumaloto.

"Delphine, tabwera udzaone! Ine ndikomoka!"

Delphine anafika akutafuna. "Eee, mtengwa wa kwa Lindqvist, mwagwira ntchito! Koma mitengo itatu iyi bwanji? Yaiwala kusamba?"

Chapakati pa mundawo, mumzere umodzi, mitengo itatu inali yotuwa ngati phulusa.

"Ikundiipitsira chithunzi," anatero Ximena. Anasankha kaburashi kowalitsira ka pakompyutapo n'kuyamba kuipaka kuwala, nthambi ndi nthambi, mpaka inayera ngati inzake.

Mayi Whitcomb, aphunzitsi a zojambula, anaima kumbuyo kwake. "Chokongola kwabasi. Mitengo yathanzi yokhayokha."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi yathanzi, madamu?" anafunsa Delphine.

"Tsamba lathanzi limabweza kwambiri kuwala kumeneku, n'chifukwa chake limayera. Lodwala limatuwa m'kamerayi, nthawi zina maso asanaone kalikonse." Atatero anapitirira.

Ximena anasiya kaburashi kaja. Aliyense wokulira m'chigwacho anaonapo munda ukuzulidwa ndi kutenthedwa chifukwa cha matenda oyambira pa mtengo umodzi.

"Mwina kunali kamtambo chabe," ananong'ona.

"Kamtambo kosankha mitengo itatu? Iwe, usandiseketse."

"Ndikamuuza Tobin, adziwa kuti ndinakwera phiri lawo ngati wakuba. Andifunsa chifukwa chake. Ndikayankha chiyani?"

"Ndiye sindikiza choyeracho, ukhale duu," anatero Delphine akumuyang'ana cham'mbali. "Mitengoyo si yako."

Ximena anachiyang'ananso chithunzicho. Chinalibe banga n'limodzi lomwe. Masiku atatu anakhala akulota Tobin ataima patsogolo pake kukamwa kuli yasa, kenako n'kuwerenga dzina lolembedwa pansi. Anapumira m'mwamba, nabweza zonse zimene anapakazo. Mitengo itatu ija inatuwanso. Anachisindikiza chomwecho, n'kutuluka chothamanga pepala likadali lofunda.

Anamupeza Tobin pabwalo la mpira akumanga nsapato.

"Tobin! Taona ichi!"

Mnyamatayo analandira pepalalo, maso n'kutong'oka. "Uwu ndi munda wathu? Wathu womwewu? Sindinauonepo chonchi."

Ximena analoza mitengo itatuyo nafotokoza zonse mosapumira, mawu akupunthwa okhaokha. Tobin anawerenga mizere ndi chala.

"Mzere wa 14. Dzulo ndinadutsa pomwepo, inali yobiriwira bwinobwino." Anatulutsa foni. "Adadi, siyani kaye zimene mukuchitazo. Pitani mumzere wa 14, pafupi ndi mpope. Ayi, panopa! Ndikutumizirani chithunzi."

Lachisanu holo ya sukulu inadzaza. Mphoto inapita kwa wina amene anajambula mlatho, koma anthu ambiri anaunjikana pa chithunzi cha Ximena, chifukwa bambo Lindqvist, nsapato zili matope okhaokha, ankakoka aliyense pamkono.

"Mwaiona itatu iyi? Alangizi a zaulimi anaipeza ndi matenda kumizu. Tazula isanu ndi umodzi, kuphatikizapo yoyandikana nayo. Ina yonse yapulumuka! Ali kuti mwana amene anajambulayu?"

Ximena anafuna kubisala kuseri kwa Delphine, koma Delphine anamukankhira kutsogolo. Bamboyo anamugwira chanza mpaka zala zinawawa.

Anthu atachepa, Tobin anamuyandikira manja ali m'thumba.

"Koma sunandiuzebe. Minda yonseyi, unasankhiranji wathu?"

Nkhope ya Ximena inatentha. "Mitengo yanu... imaima bwino."

Kumbuyo, Delphine anatsamwa ndi phwete.

"Imaima bwino," anabwereza Tobin akuyesetsa kuti asaseke, ngakhale makutu ake anali atafiira. "Chabwino. Mawa ulowere pageti. Mizere ilipo makumi asanu ndi limodzi, ndipo kamerayo ndikunyamulira ndine."